Kwa mng'ono wanga wa ku Dedza amene watumizidwa ku Mangochi

Mng'ono wanga, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kwanu ndi ku Dedza, mwangomaliza maphunziro a unamwino, ndipo akutumizani kuchipatala chaching'ono ku Mangochi kumene agogo ndi amayi ambiri ochokera kumidzi yakutali amayankhula Chiyao chimene inu simuchimva. Mwati mukawafotokozera za mankhwala amavomera kuti amva, koma akabweranso mumapeza kuti achita zina, ndiye mwayamba kupsa mtima msanga ndipo zikukuwawani. Mukufunsa kuti ife akale tinkatani. Ine ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa 20, kum'mwera ndi m'chigawo chapakati, ndipo zimene mukudutsamozo ndinadutsamo.

Vuto lanu lalikulu si Chiyao ayi. Chiyao mudzachiphunzira. Vuto ndi mawu aja akuti "eya, ndamva". Munthu wakumudzi amene wayenda maola awiri, wakhala pabenchi kuyambira m'mawa, kenako walowa m'chipinda momwe muli munthu wovala yunifomu akulemba mothamanga ndipo panja pali mzere wa anthu, sanganene kuti sanamve. Kwa iye kutero ndi mwano, komanso ndi kudzionetsa umbuli pamaso pa mwana wophunzira. "Eya" wakeyo ndi ulemu basi. Ngakhale mukanakhala ku Linthipe pakati pa abale anu, "eya" ameneyu mukanakumana naye.

Ine ndinaziphunzira mowawa. Ndili wamng'ono pantchito, kunabwera mayi wina wodandaula za kuyabwa kumalo obisika. M'chipindamo munali anthu ena, ndiye pomupatsa mankhwala opaka ndinatsitsa mawu n'kunena kuti azipaka kumaso, poganiza kuti wamva kumaso kumene amayi timatanthauza tikamazungulira. Anavomera bwinobwino. Patatha sabata anabwera matenda ali pomwepo, mankhwala atathera pankhope. Tonse awiri tinkayankhula Chichewa. Iye sanalakwitse, anachita zimene anamva. Ndinalakwitsa ndine, chifukwa ndinasankha mawu oteteza manyazi anga m'malo mopeza malo apadera n'kunena chinthucho momveka. Kuyambira tsiku limenelo sindifunsanso munthu kuti "mwamva?"

Chimene ndimachita ndi ichi. Ndikamaliza kufotokoza ndimati: "Mayi, ine nthawi zina ndimayankhula mothamanga. Tandiuzani, mukafika kunyumba akakufunsani kuti kuchipatala akuti chiyani, inu mukawauza kuti chiyani?" Mwaona kuti mlandu ndadziika ndekha, choncho munthu sachita manyazi kubwereza molakwika, ndipo pomwe walakwitsapo ndi pomwe ndimakonza. Zimatenga theka la mphindi. Tengani LA, mankhwala a malungo aja, mwachitsanzo. Wamkulu amamwa mapiritsi 4 kawiri patsiku kwa masiku 3, onse pamodzi 24. Ambiri akapeza bwino tsiku lachiwiri amasunga otsalawo kuti adzamwe malungo akadzabweranso, kapena amagawirako mnzawo m'nyumbamo. Mukangonena kuti "kawiri patsiku" zimenezi simungazigwire. Koma mukamupatsa paketiyo m'manja n'kumuuza kuti akulozereni amene amwe madzulo ano, amene amwe mawa m'mawa, ndi tsiku limene paketiyo ithere, mumaona nokha pamene maganizo ake akupita. Ndipo kumene muliko muli ndi mwayi umene ambiri sauona: Asilamu amaswali kasanu patsiku, ndiye wotchi ali nayo kale m'mutu. Agogo amene sadziwa kuti 6 koloko ndi nthawi yanji amadziwa bwino swala ya m'bandakucha ndi swala ya dzuwa likangolowa. Mangirirani mankhwala pamenepo.

Za chiyankhulo tsopano. Gulani kakope kakang'ono kolowa m'thumba la yunifomu. Pezani mayi wosamalira pachipatalapo kapena mlangizi wa zaumoyo wobadwira komweko, akupatseni mawu atatu patsiku. Yambani ndi moni: "Ali uli?" ndi "Ajimwiche uli?" m'mawa. Kenako ziwalo za thupi, kenako mawu a ululu, kutentha, kusanza, magazi, m'mawa, madzulo, chakudya. Mudzalakwitsa katchulidwe ndipo agogo adzaseka, koma kuseka kumeneko ndi kwabwino, chifukwa munthu amene wakusekani mwachikondi amayamba kukuuzani zoona. Ine nditagwira ntchito ku Chigwa cha Shire ndinadabwa tsiku loyamba mayi wina atandiuza kuti "takhuta" ndisanamupatse chakudya chilichonse. Mu Chisena kumeneko ndi kuthokoza. Ndili m'chigawo chapakati tinkalandiranso anthu ochokera ku Dzaleka ku Dowa, kumene kuyambira 1994 kumakhala othawa kwawo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chiswahili changa sichinapitirire mawu ochepa, koma "pole" yekha ndi "unaumwa wapi?" ankasintha nkhope ya mayi amene walowa ali ndi mantha.

Mawu a m'kakope sangakwanire pa nkhani zazikulu, choncho womasulira mudzamufuna, ndipo apa ndi pamene pamawonongeka zambiri. Musagwiritse ntchito mwana. Ndaonapo kamnyamata ka zaka 10 kakuuzidwa kuti kafunse mayi ake za kumwezi ndi za kuchipinda. Mayiyo anangoti zonse zili bwino, ndipo ndani angamudzudzule? Mwamuna kapena apongozi nawonso amasefa: amamasulira zimene akufuna kuti inu mumve, ndipo zimene akuona kuti n'zochititsa manyazi banja amazimeza. Pa nkhani ya zotsatira za magazi, za nkhanza za m'banja, za kulera kapena za mimba ya mtsikana, womasulira akhale wa pachipatala, ndipo muyambe mwamukumbutsa kuti zomveka m'chipindamo zimathera momwemo, chifukwa nayenso amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi wodwalayo. Mufunsenso wodwalayo ngati ali womasuka ndi munthuyo, mwina ndi mlamu wake. Poyankhula muziyang'ana wodwala osati womasulira, munene chiganizo chimodzi n'kudikira. Wodwala akayankhula kwa nthawi yaitali womasulira n'kungoti "akuti mutu", musalole. Nenani mofatsa kuti mukufuna kumva zonse monga wanenera.

Pali china chimene kusukulu sanatiphunzitse mokwanira: mawu a matenda amene anthu amabwera nawo sali ngati a m'mabuku athu. "Malungo" kwa ambiri ndi kutentha thupi kulikonse ndi kuphwanya m'thupi, ndiye mukayeza n'kupeza kuti mulibe malungo, mukangoti "mulibe malungo" munthu amamva kuti mukuti akunama, ndipo amakagula mankhwala pagolosale. Muuzeni kuti mukuona kuti akudwaladi, koma kachirombo ka udzudzu simunakapeze, ndiye tifufuze china. Wina akati "mtima ukundiwawa" kapena "mutu waukulu", nthawi zina ndi BP, nthawi zina ndi mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo osatumiza kalikonse, ndipo iye sakugona chifukwa choganiza kwambiri. Ku Mangochi nkhani za ku Joni mudzazimva zambiri. Mukamva mawu ngati tsempho, mauka kapena kanyera, musathamangire kunena kuti kulibe zimenezo. Funsani kuti zikumuchitikira bwanji m'thupi, zinayamba liti, akuganiza kuti chayambitsa n'chiyani. Mwana amene agogo ake akuti watsemphedwa nthawi zambiri ndi mwana wotupa mapazi chifukwa cha kunyentchera, ndipo mukakangana ndi agogowo za dzina la matenda, mwanayo abwerera kumudzi osalandira chiponde. Dzinalo asiyireni. Inu mukufuna mwanayo agonekedwe.

N'chimodzimodzi ndi mankhwala achikuda, makamaka kuchipinda chochirira. Mukafunsa mokweza kuti "simunamwe mwanamphepo inu?" yankho mukulidziwa kale, akana. Pomwe inu mukufunika kudziwa zoona, chifukwa mankhwala ofulumizitsa kubereka ngati amenewa amatha kulimbitsa kupweteka mopitirira mpaka mwana kubanika kapena chiberekero kung'ambika. Ine ndimafunsa motsitsa, apongozi ali panja: "Amayi ambiri kunyumba amawapatsako kena kake kowathandiza. Inuyo anakupatsani chiyani, nanga nthawi yanji? Sindikukalipirani, ndikufuna ndidziwe mmene ndikuyang'anireni." Akakuuzani, muthokoze. Phunziro la kuopsa kwake lidzabwera mawa mwana ali pabere, osati pamene mayi akubuula.

Mabuku ambiri amene tinaphunzira analembedwa kunja, ndipo amati wodwala amene sakukuyang'ana m'maso akubisa kanthu kapena sakumvetsera. Kuno si choncho. Mayi amene wagwada pakhomo, kapena akuyang'ana pansi pamene mukuyankhula, akukupatsani ulemu umene anaphunzitsidwa. Inu chitani mbali yanu: mukhazikeni pampando, nanunso khalani pansi kuti musamuyankhule muli chiimire, mutchuleni "amayi", "abambo", "agogo", kapena "che" wotsatana ndi dzina lake monga amachitira kumeneko. Bambo wachikulire amavutika kuvula pamaso pa mtsikana wa msinkhu wa mwana wake, mayi wachisilamu amavutika kuvula pamaso pa mwamuna. Ngati mnzanu woyenera alipo, sinthanani. Ngati palibe, nenani zoona kuti lero muli nokha, fotokozani chimene mukufuna kuona ndi chifukwa chake, tsekani chitseko, ndipo chitenje chivundukule pokhapo pamene mukuyeza. Ambiri amalola akaona kuti manyazi awo mwawawerengera.

Komabe ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, chifukwa ndaona anthu ena akupereka mndandanda wakuti Ayao amatere, Asena amatere, Atumbuka amatere. Samalani nazo. Mtsikana wachiyao wa pa Mangochi boma amene amakhala pa WhatsApp tsiku lonse ndi agogo ake a ku Makanjira si munthu mmodzi. Kudziwa chikhalidwe kumakuthandizani kudziwa funso loti mufunse, osati yankho. Mwachitsanzo, n'zoona kuti kwa Ayao, monganso kwa ife Achewa, malume amakhala ndi mawu aakulu pa za mbumba yawo, pomwe kumpoto kawirikawiri mawu amakhala kuchimuna. Ndiye mayi akati sangapite kuchipatala chachikulu kapena kulowa kufiyeta asanamve kwa akuluakulu, si kuuma mutu. Koma musaganizire nokha kuti wamkuluyo ndi ndani. Funsani: "Ndani amene mukufuna kuti amve nkhaniyi limodzi nanu?" Ngati ali kutali, imbani foni pomwepo, mufotokoze nokha kuti kudikira mpaka mawa kungatanthauze chiyani. Ndipo musaiwale kuti wodwala wamkulu wamaganizo abwino amavomera kapena kukana yekha. Ndaonapo amayi amene ankangodikira kuti wina awafunse iwowo, abale atatuluka.

Mwezi wa Ramadan ukamayandikira yambani kufunsa odwala a shuga, a BP ndi amene ali pa ma ARV ngati akufuna kusala, musadikire kuti akuuzeni. Mankhwala ena a kamodzi kapena kawiri patsiku amatha kusunthidwa kuti amwedwe usiku ndi m'bandakucha, koma a shuga ndi oopsa chifukwa shuga amatha kutsika kwambiri masana, ndiye zimenezo muzikambirana ndi adokotala anu. Chisilamu chimalola wodwala kusasala, koma mawu amenewa amalemera akachokera pakamwa pa shehe kusiyana ndi pakamwa pa namwino wa ku Dedza. Dziwanani ndi mashehe ndi mafumu a m'dera lanu kusanagwe vuto. Nthawi ya kolera imene inayambira ku Machinga mu 2022 tinaona mmene mphekesera zimathamangira, anthu ena mpaka kuopa diripi. Kumene azaumoyo ankadziwana kale ndi atsogoleri, kufotokoza kunali kosavuta. A Mboni za Yehova akakana magazi, musanyoze kapena kuopseza. Fotokozani zoopsa zake momveka, funsani wodwalayo ali yekha, lembani, ndipo itanani akuluakulu anu msanga, makamaka ngati ndi mwana.

Musaiwale amene kusiyana kwawo si kwa mtundu. Wosamva kumukuwira sikuthandiza: muyang'aneni, nkhope yanu iwale, chotsani chotchinga pakamwa ngati n'kotheka, lembani kapena jambulani, ndipo muziyankhula ndi iye osati ndi womuperekeza yekha. Munthu wachialubino nthawi zambiri saona bwino zolemba zazing'ono, ndiye pa paketi yake lembani zikuluzikulu, ndipo mumuitane ndi dzina lake. Mtsikana wa zaka 16 amene wabwera ndi mimba wakalipiridwa kale kunyumba, kusukulu ndi panjira. Mukawonjezera inu, sikelo yachiwiri simudzamuona.

Za kupsa mtima kuja, sindikuweruzani. Kukhala awiri pachipatala chofunika anthu asanu, usiku kuchiritsa amayi, m'mawa mzere uli pakhomo, thupi limatopa ndipo pakamwa pamathamanga. Koma dziwani kuti mawu amodzi okalipa amayenda mudzi wonse, ndipo amene amalipira ndi mayi wina amene asankhe kuchirira kunyumba chifukwa cha zimene anamva. Ine ndikamva kuti mawu ayamba kukwera, ndimapita kukasamba m'manja pang'onopang'ono, n'kubwerera. Ndipo tsiku limene ndakalipira munthu, ndimamutsatira pabenchi asanachoke n'kumuuza kuti pepani amayi, ndinayankhula molakwika, tiyeni tiyambirenso. Mawu oti "pepani" mu Chiyao akhale m'gulu la atatu oyamba amene mufunse kwa mayi wosamalira pachipatala uja mawa m'mawa.