Mafunso Anu: Nkhondo ya ku Iraq, kuzunzidwa kwa akaidi ndi atsogoleri amene sanaimepo m'khothi

Makalata a mwezi uno ambiri akhudza nkhondo imene America ndi Britain anayambitsa ku Iraq pa 20 Malichi 2003, komanso nkhanza zimene akaidi anachitiridwa m'zaka zimenezo. Tasankhapo asanu.

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri kusekondale. Ana amandifunsa kuti George W. Bush, pulezidenti wa America panthawiyo, ndi Tony Blair, nduna yaikulu ya Britain, ananama chiyani kwenikweni, ndipo ngati panthawiyo panali amene anawatsutsa. Ndiwayankhe bwanji? (Mayi wa ku Zomba)

Mayi, auzeni anawo kuti zifukwa zazikulu zinali ziwiri. Choyamba, ankati Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, wabisa zida za poizoni ndi za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo akufuna kupanga bomba la nyukiliya. Chachiwiri, ankati ali pa mgwirizano ndi gulu la zigawenga la al-Qaeda. Zonse ziwiri zinapezeka kuti sizoona.

Umboni wake unali wa mbali zingapo, ndipo mbali iliyonse inagwa payokha. Chikalata chimene boma la Britain linatulutsa mu Seputembala 2002 chinkati Iraq ikhoza kuponya zida zoopsazo pasanathe mphindi 45 lamulo litaperekedwa. Mu Januwale 2003 Bush anauza aphungu a dziko lake kuti Saddam ankafunafuna uranium, miyala yopangira bomba la nyukiliya, ku Africa, kunena dziko la Niger, koma mu Malichi chaka chomwecho bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA linapeza kuti makalata a malondawo anali achinyengo. Nkhani ya magalimoto opangiramo zida za tizilombo, imene Colin Powell, nduna ya zakunja ya America, anaifotokoza ku UN pa 5 Febuluwale 2003, inachokera kwa mwamuna mmodzi wa ku Iraq wothawira ku Germany, amene akazitape anamupatsa dzina lakuti Curveball. Iyeyu anadzavomera yekha mu 2011 kuti anapeka. Gulu la akatswiri limene America yomwe inatuma kukafufuza nkhondo itayamba linanena mu 2004 kuti nkhokwe za zidazo kunalibe.

Otsutsa analipo, ndipo sanali ochepa. Pa 15 Febuluwale 2003 kunachitika zionetsero m'mizinda mazanamazana, ndipo ku London kokha anthu anali pafupifupi miliyoni. Nelson Mandela anadzudzula Bush poyera mu Januwale chaka chomwecho. Mu khonsolo ya chitetezo ya UN munali maiko atatu a mu Africa, Angola, Cameroon ndi Guinea, ndipo ngakhale anakakamizidwa, America ndi Britain sanapeze mavoti 9 ofunika kuti nkhondo ivomerezedwe. Anangochotsa pempho lawo n'kupita kunkhondo. Robin Cook anatula pansi udindo wake m'boma la Blair pa 17 Malichi, ndipo Kofi Annan, mlembi wamkulu wa UN panthawiyo, anauza BBC mu Seputembala 2004 kuti nkhondoyo inali yosemphana ndi malamulo a UN.

Mawu akuti "ananama" muwagwiritse ntchito mosamala pamaso pa ana. Lipoti la kafukufuku wa ku Britain wokhudza nkhondoyi, lotchedwa la Chilcot, la pa 6 Julayi 2016, silinati Blair anapeka umboni. Linati anaupereka ngati wotsimikizika pamene sunali wotero, ndipo analowa m'nkhondo njira zamtendere zisanathe.

Funso: Zithunzi za akaidi akuzunzidwa kundende ya Abu Ghraib ku Iraq tinaziona. Boma la America linati anali asilikali ochepa osamvera. Nanga n'chifukwa chiyani anthu amaloza chala akuluakulu a ku Washington? (Bambo wa ku Lilongwe)

Bambo, amaloza kumeneko chifukwa pali mapepala, ndipo mapepalawo ali ndi masiku ndi siginecha. Tiwatsate mwandondomeko yake.

Pa 7 Febuluwale 2002 Bush anasaina chikalata chonena kuti mapangano a ku Geneva, amene amateteza akaidi ogwidwa pankhondo, sakhudza anthu a al-Qaeda, ndipo a Taliban a ku Afghanistan sadzatengedwa ngati akaidi a pankhondo. Apa mpanda woyamba unagwa. Kenako panatsala lamulo loletsa kuzunza, poti America inavomereza pangano la UN la 1984 loletsa kuzunza anthu m'chaka cha 1994. Maloya a boma sanalifafanize lamulolo, anangolichepetsa tanthauzo. Chikalata cha pa 1 Ogasiti 2002, chimene analemba John Yoo n'kusainidwa ndi Jay Bybee, chinati ululu umatchedwa kuzunza pokhapokha ukafanana ndi wa munthu amene chiwalo chake chaleka kugwira ntchito kapena amene akufa. Tsiku lomwelo chikalata china chinalola CIA, bungwe la akazitape la America, njira 10 zofunsira mkaidi wotchedwa Abu Zubaydah. Zina mwa izo zinali kumumenyetsa kukhoma, kumutsekera m'bokosi lopanikiza, kumuletsa tulo, ndi ija amati waterboarding, pamene munthu amamangidwa chagada pathabwa, kumuphimba nsalu kumphuno ndi kukamwa, n'kumathira madzi kwa masekondi 20 mpaka 40 kuti amve ngati akumira.

Ku usilikali njirazi zinalowera kwa Donald Rumsfeld, nduna ya zachitetezo. Pa 2 Disembala 2002 anavomereza kuti akaidi a ku Guantanamo, ndende ya America ya ku Cuba, aziwavula zovala, kuwaphimba kumutu, kuwaopseza ndi agalu ndi kuwaimitsa maola 4. M'munsi mwa pepalalo analemba ndi dzanja lake kufunsa chifukwa chake kuimako kukulekezera maola 4 pamene iye amaima maola 8 mpaka 10 patsiku. Chilolezocho anachibweza mu Januwale 2003 loya wamkulu wa asilikali apamadzi, Alberto Mora, atadandaula, koma njirazo zinali zitafalikira kale. Kumapeto kwa Ogasiti 2003 mkulu wa ndende ya Guantanamo, Geoffrey Miller, anatumidwa ku Iraq, ndipo analangiza kuti asilikali olondera ndende azithandiza kufewetsa akaidi asanakafunsidwe mafunso. Zithunzi zija zinajambulidwa pakati pa Okutobala ndi Disembala chaka chomwecho. Onani zimene zili m'zithunzimo: anthu amaliseche, zisaka kumutu, agalu. Asilikali olondera usiku amene anachita zimenezi anawonjezapo zonyansa zawozawo, zimenezo sitikana, koma maziko ake sanawapeke okha.

Amene anaulula ndi msilikali mnzawo, Joseph Darby, yemwe anapereka CD ya zithunzizo kwa ofufuza mu Januwale 2004. Wailesi ya kanema ya CBS inazionetsa pa 28 Epulo. Lipoti la Red Cross la chaka chomwecho linanena kuti akazitape a asilikali eniake ankati akaidi 70 mpaka 90 mwa 100 aliwonse ku Iraq anamangidwa molakwika. Ndiye mu Disembala 2008 komiti yoona za asilikali ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za America, motsogozedwa ndi Carl Levin ndi John McCain, a zipani zosiyana, inanena mosabisa kuti nkhanzazo sizinali za asilikali ochepa ochita zawo, ndipo inatchula chilolezo cha Rumsfeld ngati chimodzi mwa zimene zinazibweretsa.

A Britain nawo ali ndi mlandu wawo. Baha Mousa, wolandira alendo pahotela ina ku Basra, anafera m'manja mwa asilikali awo mu Seputembala 2003 ali ndi mabala 93. Kuphimba akaidi kumutu ndi kuwakhazika mopweteka, zimene anamuchita, boma la Edward Heath linali litaletsa kale mu 1972.

Funso: Tisanamizane. Ngati munthu akudziwa kumene kuli bomba, kodi kumukhaulitsa pang'ono si njira yopulumutsira miyoyo? (Mnyamata wa ku Johannesburg)

Achimwene, funso lanu ndi lomwe Dick Cheney, wachiwiri kwa Bush, ndi anzake ankadzitetezera nalo. Vuto lake lili pa mawu akuti "akudziwa". Wofunsa sadziwa ngati mkaidiyo akudziwadi, ndipo munthu womva ululu amanena chilichonse chimene akuona kuti chiimitsa ululuwo. Wosadziwa kanthu amapeka, wodziwa amasakaniza zoona ndi zabodza, ndipo wofunsayo alibe posiyanitsira.

Chitsanzo chake chili pakati penipeni pa nkhondoyi. Ibn al-Shaykh al-Libi, yemwe ankamuganizira kuti ndi wa al-Qaeda, anagwidwa kumapeto kwa 2001, CIA n'kumupereka ku Egypt. Kumeneko, atamenyedwa ndi kutsekeredwa m'kabokosi, ananena kuti Iraq inaphunzitsa anthu a al-Qaeda za zida za poizoni. Akazitape a unduna wa zachitetezo wa America anakayikira mawuwa mu Febuluwale 2002, komabe Powell anawatenga kupita nawo ku UN. Mu 2004 al-Libi anawabweza, nati ananena pofuna kuti aleke kumuzunza. Nthawi imeneyo n'kuti Baghdad itagwa kale.

Komiti ya Senate yoona za akazitape, motsogozedwa ndi Dianne Feinstein, inawerenga zikalata za CIA yeniyeniyo ndipo inatulutsa chidule cha lipoti lake pa 9 Disembala 2014. Mwa akaidi 119 amene CIA inasunga, osachepera 39 anachitidwa njira zankhanzazi, ndipo osachepera 26 sankayenera kugwidwa n'komwe. Khalid Sheikh Mohammed anathiridwa madzi ka 183. Ena analetsedwa tulo mpaka maola 180. Gul Rahman anafa ndi kuzizira mu Novembala 2002 atamangiriridwa pasimenti m'ndende ina yachinsinsi ku Afghanistan. Komitiyo inapeza kuti njirazi sizinali zothandiza kupeza uthenga woona, ngakhale CIA imatsutsa mbali ina ya mfundoyi. Kampani ya akatswiri awiri a zamaganizo amene anakonza ndondomekoyi inalandira madola 81 miliyoni. Ndipo njirazo anazikopera ku maphunziro okonzekeretsa asilikali a America kupirira adani amene amazunza akaidi kuti avomere milandu yabodza.

Kumbali ya lamulo palibe pozembera. Ndime 2 ya pangano la UN loletsa kuzunza imati nkhondo, chipwirikiti kapena lamulo la bwana sizingakhale chifukwa chozunzira munthu.

Funso: Atsogoleri a mu Africa amatengeredwa ku The Hague. Bwanji Bush, Cheney, Rumsfeld ndi Blair sanapiteko? (Bambo wa ku Chipata)

Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka, koma tiyambe ndi mmene ICC, khothi la padziko lonse la ku The Hague, limagwirira ntchito. Limazenga milandu yochitikira m'dziko limene ndi membala, kapena yochitidwa ndi nzika ya dziko limene ndi membala. America si membala, Iraq si membala. Khomo lina ndi khonsolo ya chitetezo ya UN, koma kumeneko America ndi Britain ali ndi mphamvu yokana chilichonse. Britain ndi membala, n'chifukwa chake Fatou Bensouda, yemwe anali mkulu woimba milandu kukhothili, anaunika milandu ya asilikali ake. Mu Disembala 2020 ananena kuti pali zifukwa zokhulupirira kuti milandu ya pankhondo inachitikadi, koma anatseka nkhaniyo poti sakanatha kusonyeza kuti Britain ikuteteza dala olakwawo. Mlandu woyambitsa nkhondo popanda chifukwa khothili linayamba kukhala ndi mphamvu youzenga mu Julayi 2018, ndipo silibwerera m'mbuyo.

Kwawo ku America mapepala a maloya aja anagwira ntchito yachiwiri. Lamulo la 2005 loletsa nkhanza kwa akaidi, limene McCain analimbikira ndipo linadutsa mu Senate ndi mavoti 90 kwa 9, linalinso ndi ndime yolola wofunsa mafunso kudziteteza ponena kuti anatsatira uphungu wa maloya. Maloyawo nawo anangopezeka kuti "sanaganize bwino", osati kuti anaphwanya malamulo a ntchito yawo. Bybee n'kuti ali kale woweruza wa khothi la apilo. Matepi 92 a kanema osonyeza kufunsidwa kwa akaidi CIA inawawononga mu 2005, ndipo palibe anaimbidwa mlandu. Barack Obama analetsa njirazi mu Januwale 2009 ndipo mu 2014 anavomera kuti dziko lake linazunza anthu, koma kafukufuku wa milandu anatsekedwa mu 2012 popanda womangidwa.

Akuti mutu ukakula sulewa nkhonya, koma apa nkhonya zinagwera ang'onoang'ono. Pa za Abu Ghraib asilikali 11 anapezeka olakwa. Charles Graner anagamulidwa zaka 10, Lynndie England zaka 3, ndipo Janis Karpinski, yemwe ankayang'anira ndendezo, anangotsitsidwa udindo. Pa imfa ya Baha Mousa msilikali mmodzi yekha ndiye anamangidwa, chaka chimodzi.

Makhothi ena anayesako. Italy mu 2009 inapeza olakwa nzika 23 za America, eni ake kulibe, pa mlandu woba munthu mumsewu ku Milan. Khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula mu 2014 kuti Poland inalakwa polola ndende yachinsinsi ya CIA. Mu Novembala 2024 khothi la ku Virginia linalamula kampani ya CACI, imene inkapereka anthu ofunsa mafunso ku Abu Ghraib, kulipira amuna atatu a ku Iraq madola 42 miliyoni.

Funso: Nanga kudzudzula konseku kunasintha kanthu? (Mayi wa ku Leeds)

Mayi, kunasintha ndale kuposa milandu. Mu 2006 akuluakulu angapo a asilikali opuma pantchito anapempha poyera kuti Rumsfeld achoke. Mu Novembala chaka chomwecho chipani cha Bush chinataya nyumba zonse ziwiri za malamulo, ndipo tsiku lotsatira chisankho Bush analengeza kuti Rumsfeld akuchoka. Blair anasiya udindo mu Juni 2007 nkhani ya Iraq itamudyera chikoka. Asilikali a America anatuluka mu Disembala 2011 atataya anzawo oposa 4,400, a Britain anataya 179, pamene anthu wamba a ku Iraq amene anafa ndi oposa 100,000 ngakhale pa mawerengedwe otsika.

Amene anaulula ndiwo analipira msanga. Antonio Taguba, mkulu wa asilikali amene analemba lipoti loyamba la Abu Ghraib, anauzidwa kuti apume pantchito. Darby sanathenso kukhala kwawo Rumsfeld atatchula dzina lake pamaso pa aphungu, pa kanema. Katharine Gun, wogwira ntchito kubungwe la akazitape la Britain, amene anaulula kuti akazitape a America ankafuna kutchera khutu nthumwi za maiko ngati Angola, Cameroon ndi Guinea ku UN, anachotsedwa ntchito n'kuimbidwa mlandu, ndipo boma linausiya mlanduwo mu Febuluwale 2004 tsiku loyamba kukhothi.