Orchid yanga ikufota chonsecho ndikuithirira tsiku lililonse: ndiwonjezere madzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Mwana wawo anawagulira duwa la orchid pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Maluwa ake oyera anakhala mpaka Disembala, kenako anayoyoka. Mayiwo ataona mizu ikutulukira kunja kwa kamphika kapulasitiki, anaimvera chisoni n'kuisamutsira mumphika waukulu, m'dothi lakuda la kudimba losakaniza ndi manyowa. Pano masamba akhwinyata ngati nkhope ya agogo, ndipo ngakhale akuithirira m'mawa uliwonse, sikusintha. Akufunsa ngati awonjezere madzi.

Mayi, zikomo polemba. Chonde siyani kaye kuithirira, kuyambira lero. Masamba akhwinyata chifukwa cha ludzu ndithu, koma ludzulo labwera chifukwa mizu yaola ndipo palibenso chokokera madzi kupita kumasamba. Mukamawonjezera madzi, mukuoletsanso mizu yochepa yomwe yatsala. Ine orchid yanga yoyamba inafa chonchi, ndipo zinandiwawa kwambiri nditazindikira kuti ndinaipha ndi chikondi changa chomwe.

Pachithunzi chomwe mwatumiza ndaona kuti yanuyi ndi mtundu wa Phalaenopsis. Kwawo ndi kunkhalango zotentha za ku Philippines, Indonesia ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo kumeneko simera pansi ayi. Imakakamira pamakungwa a mitengo, mizu ili pamtunda. Mvula ikagwa imanyowa yonse, mphepo ikawomba n'kuuma posakhalitsa. Muzu wake ndi kaulusi kolimba kokutidwa ndi chikopa chofewa ngati siponji, chomwe chimamwa madzi msanga koma chimafunanso mpweya. Mukaukwirira m'dothi lonyowa, umabanika. Choncho mizu ija inkatulukira kunja sinali kudandaula kuti malo achepa. Ndi mmene imakhalira.

Chitani izi mawa m'mawa. Izuleni mosamala, mutsuke dothi lonse ndi madzi osazizira kwambiri, ndiye mugwire muzu uliwonse ndi zala. Wamoyo umakhala wolimba, wonenepa, wobiriwira kapena wotuwa ngati siliva. Woola umakhala wofiirira kapena wakuda, wofewa, ndipo mukaufinya chikopa chija chimavuka n'kutsala kaulusi kokha. Nthawi zina umanunkha ngati chinangwa chovikika. Yoolayo duleni yonse ndi lezala yatsopano kapena sizasi yopukuta ndi sipiriti. Musachite mantha ikangotsala mizu iwiri kapena itatu, imatha kuchira. Isiyeni pamthunzi mabala aume, kenako muibwezere m'kamphika kake kakale kaja ngati simunakataye. Kamphika koonekera mkati n'kabwino kuposa mphika wokongola uliwonse, chifukwa mizu mumaiona. Kakhale ndi mabowo ambiri pansi ngakhalenso m'mbali. M'malo mwa dothi ikani tizidutswa ta makungwa ouma a paini tofanana ndi mtedza wosasenda, tosakaniza ndi makala ochepa otsuka bwino. Ndati makala, osati phulusa.

Tsono pa kathiriridwe, musafunse kalendala, funsani mizu. Ikakhala yobiriwira, madzi alimo, isiyeni. Ikatuwa, makungwa n'kuuma, kamphika n'kupepuka m'manja, nthawi yakwana. Pamenepo musamangodonthezera ayi: imikani kamphikako m'beseni kwa mphindi 10 kapena 15, muone mizu ikusanduka yobiriwira inu mukuona, kenako mukatulutse madzi onse akhe. Kasakhale m'mbale ya madzi. Kunyumba kwanga, m'kutentha kwa Okutobala ndimathirira pakatha masiku anayi kapena asanu, koma m'dzinja muno ndi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamatha masiku khumi kapena kuposa. Kwanu zikhoza kusiyana malinga ndi mphepo yolowa m'nyumba.

Pali malo amodzi oopsa kwambiri: pakati penipeni pomwe masamba amakumana. Madzi akagona pamenepo usiku, mtima wa chomeracho umaola, masamba n'kuyoyoka m'masiku ochepa, ndipo kawirikawiri sichichiranso. N'chifukwa chake ndimathirira m'mawa, ndipo dontho likagwera pamenepo ndimalipukuta ndi kansonga ka tishu. Mudzaonanso pa Facebook anthu akulangiza kuika timiyala ta ayezi m'kamphika. Ine sindivomereza, ndi chomera cha kotentha, ndipo madzi ochepa otero satsuka mchere womwe umaunjikana m'makungwa. Poti mvula ikugwa, tcherani madzi ake m'ndowa yoyera. Ndi abwino kuposa a pamjigo, omwe m'madera ena amasiya zoyera ngati laimu pamizu.

Orchid yanuyi muiike pafupi ndi zenera loyang'ana kum'mawa, kuseri kwa katani yopyapyala. Dzuwa la masana limawotcha masamba. Feteleza musaipatse mpaka mutaona nsonga yatsopano ya muzu, ndipo ikatero muzisungunula gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa pabotolo.

Ndipatukeko pang'ono, poti zimandikhudza. Ife kuno tili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo ku Nyika kokha iliko pafupifupi 200. Chikanda chomwe chimadyedwa ku Zambia ndi kumpoto kwathu kuno chimapangidwa kuchokera ku timbatata ta ma orchid omera pansi, monga Disa ndi Satyrium. Amenewo ndiwo amakhala m'dothi, ndipo kukumba kopitirira muyeso kukuwachepetsa. Wina akakugulitsani yozulidwa kuphiri kapena yosupulidwa pamtengo kunkhalango, musagule. Yambiri imangofera m'nyumba.

Za maluwa musadere nkhawa, kuyoyoka kwake si matenda. Phesi lomwe linali ndi maluwa likauma, liduleni m'munsi. Phalaenopsis imatulutsa phesi latsopano ikamva usiku wozizirirako kwa masabata angapo, ndipo Juni wa ku Lilongwe amachita zimenezo yekha. Koma yanuyi chaka chino mwina ingolimbana ndi kumera mizu, ndipo masamba okhwinyatawo sangawongoke onse. Yang'anirani tsamba latsopano lotuluka pakati. Mukaizula mawa, jambulani mizu musanadule chilichonse munditumizire, tione limodzi yomwe yatsala.