C-14 asakuthamangitseni ku biochemistry

Wophunzira wina wa chaka chachiwiri wandilembera kuti mayina a ma enzyme a glycolysis, njira imene selo limaphwanyira shuga wa glucose, anawaloweza onse, koma akamufunsa komwe kaboni wa C-14 (kaboni wotulutsa cheza, amene amagwiritsidwa ntchito ngati chizindikiro) woikidwa pa nambala 1 ya glucose akathere, mutu umaima. Akufunsa ngati kuli bwino asinthe kosi.

Musasinthe, mng'ono wanga. Vuto ndaliona: mwaloweza mayina koma simunajambule mamolekyu. Funso limeneli limafuna pensulo ndi pepala.

Jambulani glucose, mulembe manambala 1 mpaka 6 pa makaboni ake. Nkhani yonse yagona pa enzyme ya aldolase, imene imadula fructose-1,6-bisphosphate pakati pa kaboni 3 ndi 4. Triose phosphate isomerase akagwira ntchito yake, zidutswa ziwirizo zimakhala chinthu chimodzi, ndiye 1 amayendera limodzi ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4. Pofika pa pyruvate, pomwe glycolysis imathera, 3 ndi 4 ali pa carboxyl, 2 ndi 5 ali pakati, 1 ndi 6 ali pa methyl. N'chifukwa chake oyamba kutuluka ngati CO2 ndi 3 ndi 4, pamene pyruvate dehydrogenase akupanga acetyl-CoA. Mu yisiti amatulukanso omwewo, ndipo wanu wa nambala 1 uja amatsala pa methyl ya ethanol.

Msampha uli ku Krebs cycle, njira yozungulira imene acetyl-CoA amalowamo, ndipo aphunzitsi amaukonda kwabasi. Ma CO2 awiri otuluka ulendo woyamba sachokera ku acetyl-CoA amene wangolowa kumene, koma ku oxaloacetate. Makaboni 2 ndi 5 amatuluka ulendo wachiwiri. Koma 1 ndi 6 ndi amakani: amayamba kutuluka ulendo wachitatu, theka lokha, kenako theka la otsalawo, chifukwa succinate mbali zake ziwiri n'zofanana ndipo chizindikirocho chimabalalika. Zungulirani katatu papepala ndi inki yofiira, mudzionere nokha.

Funso likatchula pentose phosphate pathway, njira ina yophwanyira glucose, yankho limasintha. Kumeneko nambala 1 ndiye amayamba kutuluka. Ofufuza ankayerekeza CO2 wochokera pa 1 ndi wochokera pa 6 kuti adziwe njira imene selo likudutsa.

Musaganize kuti ndi zongokuzunzani nazo m'mayeso. C-14 anamupeza Martin Kamen ndi Sam Ruben ku Berkeley mu 1940, ndipo Melvin Calvin anamugwiritsa ntchito potsata kaboni m'zomera mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1961. Masiku ano malabu ambiri amakonda C-13, amene satulutsa cheza, ndipo amamuyeza ndi mass spectrometer, makina oyeza kulemera kwa mamolekyu. M'zipatala, makina ojambula m'thupi otchedwa PET amatsata shuga wokhala ndi fluorine-18 kuti aone komwe khansa ikudya kwambiri. Ngati mtima wanu uli ku kafukufuku wa mankhwala kapena ku nuclear medicine, pemphani aphunzitsi anu akupatseni mafunso akale a mtundu umenewu, muziyankha limodzi tsiku lililonse buku litatsekedwa.