Mpamba wa kalipentala uli m'matabwa ouma

Bambo wina wa ku Turffontein walemba motere: "Ndimagwira ntchito yokhoma makabati ku Booysens, ndipo m'zaka zitatu ndasunga R30,000. Mng'ono wanga ku Ntcheu ndi kalipentala wa zitseko ndi mabedi. Ndikufuna ndimugulire makina opalira matabwa ndi jenereta. Matabwa amagula kwa anyamata ocheka mlombwa ndi mbawa m'phiri. Kuno ndaonanso mlombwa ukudula kwambiri, akuutchula kuti kiaat, ndiye ndikuganiza zomabweretsako. Ndiyambire pati?"

Achimwene, kusunga R30,000 muno mu Joni, lendi ili pakhosi, kumudzi akuimba mwezi ndi mwezi, si masewera. N'chifukwa chake sindikufuna kuti thukuta lanu likathere m'chitsulo chomwe chingakhale pakhonde n'kumachita dzimbiri.

Chomwe chandiimitsa m'kalata yanu ndi anyamata a m'phiri aja. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo wopezeka ndi matabwa otere naye amakhala pa mlandu. Tsiku limodzi lokha a zankhalango akafika pa shedi, katundu wa miyezi itatu wapita. Tingoyerekeza kuti sadzagwidwa. Mufunseni mng'ono wanuyo ngati matabwa a mlombwa amene akulandira lero ndi otambalala ngati a zaka khumi zapitazo. Ndikukhulupirira adzakuuzani kuti akunka nachepa, ndipo mbali yoyera ija, imene imafumbwa msanga, ikuchuluka kuposa mtima wofiira. Ndiye kuti ikuluikulu inatha, akucheka ana ake. Mlombwa umakula pang'onopang'ono, woti n'kuchekapo chitseko umafuna zaka makumi angapo. Tinaonera mkungudza wa pa Mulanje, umene boma linauika kukhala mtengo wa fuko mu 1984: pofika 2017 ofufuza anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse. Ngakhale Chikangawa, nkhalango yochita kudzala ya mahekitala pafupifupi 53,000, inapululuka ndi moto komanso kudula kosabwezera.

Tsono makina ndi kamwa lalikulu. Amafuna matabwa ambiri tsiku ndi tsiku kuti abweze ndalama zake, amafuna petulo yemwe kwathu amasowasowa, ndipo asanafike n'komwe mudzakhala mutalipira transipota ndi msonkho wa MRA pachipata. Chimene chimachedwetsa akalipentala ambiri akumudzi si kupala ayi. N'chakuti kasitomala akabwera, mmisiri alibe thabwa louma ngakhale limodzi. Amatenga dipoziti, n'kuthamangira matabwa aawisi ocheka dzulo, n'kukhoma chitseko. Pakatha miyezi iwiri chitseko chija chapindika, mipata yatseguka yoti n'kupisapo chala, ndipo mudzi wonse wamva dzina la amene anachikhoma.

Ndikanakhala ine, pafupifupi R18,000 ndikanaika m'matabwa. Agule paini, bulugama, malaina kapena sendereya kwa alimi amene anadzala okha pamalo awo, alembetse kalata kwa amfumu, ndipo apite ku ofesi ya zankhalango ya boma lake kukatenga chilolezo chonyamulira. Nthawi yabwino ndi mvula ikangosiya, cha mu Meyi, kuti chilimwe chonse chimugwirire ntchito. Kasanjidwe kake ndiye nkhani. Matabwa akhale pamthunzi, pansi pa denga, pamalo opita mphepo, otalikirana ndi dothi chifukwa cha chiswe. Pakati pa mzere ndi mzere aikepo timitengo touma tofanana kukula, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo pamwamba penipeni atsindikepo miyala. Kumapeto kwa thabwa lililonse apake penti yotsala, makamaka bulugama, chifukwa ndi kumene kumayambira kung'ambika. Inu muli ndi mwayi woti m'mahadiweya a kuno mumapezeka kachipangizo koyezera chinyezi cha thabwa, kokwana m'thumba la malaya. Mugulireni kameneko. Thabwa la mipando ndi zitseko lizikhomedwa chinyezi chikatsikira cha pa 12 peresenti.

Pali phindu lina pamenepa limene ambiri salionera. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama m'thumba anadzuka atasauka, koma amene anali ndi mulu wa matabwa m'shedi anangokweza mtengo. Thabwa likamauma mtengo wake umakwera, pomwe kwacha ikakhala imasungunuka.

R6,000 ipite ku zida zamanja zabwino: puleni, matchizulo, sowo, mwala wonolera, ndipo koposa zonse makilampu aatali. Bulugama ndi paini wa masiku ano sapereka thabwa lotambalala, koma mmisiri wodziwa kulumikiza ndi guluu ndi kilampu amatulutsa thebulo lokongola kuchokera ku matabwa ang'onoang'ono. Ikapezeka ntchito yaikulu, monga madesiki a sukulu, akapalitse pa makina a ena kumsika kumene kuli magetsi, alipire pa thabwa. Yotsalayo isungeni kuno m'marandi kufikira muone mmene mulu woyamba wayendera.

Zidutswa asamasonkhere moto. Mithiko, zipande, timipando ta kukhitchini, mafelemu a zithunzi, zonsezi ndi ndalama ya mchere ndi sopo. Amene anafikako ku KuNgoni, malo a zosemasema ndi chikhalidwe pa Mua ku Dedza, akudziwa kuti kamtengo kochepa kamagulidwa bwino dzanja likakhala laluso.

Za kudzala, nyengo yake kwathu imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Bulugama amaphukiranso mukamudula, koma amamwa madzi kwambiri, choncho atalikirane ndi dimba ndi chitsime. Mbawa imakonda m'mbali mwa mtsinje, ndipo imeneyo mukudzalira ana. Apa ndiikepo mawu amene ena sawakonda: ngati mng'ono wanu ali pachikamwini, khalani pansi ndi eni mbumba musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, zidziwike kuti mitengoyo ndi ya yani. Chimodzimodzi ndalama zanuzi. Lembani m'kope kuti ndi ngongole kapena ndi sheya, mmisiri azidzilipira zingati, ndipo bokosi la maliro a wachibale lizilembedwa ngati katundu wotuluka. Mukapanda kutero, mulu wonse udzathera m'chisoni.

Zobweretsa mlombwa ku Joni zisiyeni. Pamsonkhano wa ku Panama mu Novembala 2022 wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, mlombwa ndi mbawa za mu Africa zinalowa m'gulu la mitengo yomwe matabwa ake sawoloka malire popanda chilolezo chapadera. Inu mukufuna mudutse nawo Mozambique, Zimbabwe ndi Beitbridge m'ngolo ya transipota. Kiaat amene mukumuona m'mashopu akudula chifukwa ndi wouma bwino, wosankhidwa, ndipo ali ndi mapepala.

Mayi wina wa ku Cosmo City naye wafunsa: "Ndili ndi bulugama wa zaka zisanu ndi chimodzi kumudzi ku Thyolo. Owotcha njerwa akufuna agule munda wonse. Ndigulitse?"

Mayi, musagulitse mwa chigulu. Tumani munthu wokhulupirika awerenge mitengoyo, aike penti pa yowongoka ndi yonenepa, akutumizireni zithunzi pa WhatsApp. Yokhota, yoonda ndi yothinana ndiyo igulitsidwe ngati nkhuni ndi mapolo, mtengo wake pa umodziumodzi. Kupatulira kotereku kumapatsa mpata yotsalayo kuti inenepe, ndipo ikadzafika pochekedwa matabwa, umodzi udzakupatsani ndalama yoposa ya ngolo ya nkhuni. Odulawo muwauze asiye zitsa zazifupi, zodulidwa mopendekera kuti madzi asakhalepo, ndipo mphukira zikakula pang'ono asiyepo ziwiri zamphamvu pa chitsa chilichonse.