Za Economy 7: yang'anani mita kaye musanasinthe

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti kuno ku UK magetsi a usiku ndi otchipa, komanso ngati musinthe poti bilu ya mu flat yanu yatsopanoyo yakuonjezani. N'zoona ndithu, koma pali kamsampha.

Dongosololi amalitcha Economy 7, linayamba mu 1978. Kwa maola 7 usiku yuniti imatsika mtengo, koma masana imadula kuposa ya anthu amene amalipira mtengo umodzi tsiku lonse. Si ngati mayunitsi a ESCOM amene tinazolowera kwathu aja. Ngati kuphika, kusita ndi kuchapa zonse mumachita dzuwa lili pamutu, mudzangowonjezera bilu. Ambiri amawerengera kuti pafupifupi 40 peresenti ya magetsi anu izipita usiku kuti phindu lioneke.

Opindula kwenikweni ndi okhala m'nyumba zopanda gasi, zokhala ndi ma storage heater ndi thanki ya madzi otentha. M'kati mwa hita imeneyo muli njerwa zomwe zimamwa moto usiku n'kumautulutsa pang'onopang'ono masana. Zakalezo zili ndi timabatani tiwiri topotokola, input (moto umene hita ikumwa usiku) ndi output (moto umene ikutulutsa). Ine chaka changa choyamba ku Leeds palibe anandiuza. Output ndinkaisiya yotsegula mpaka kumapeto, kutentha konse n'kuthera m'nyumba mopanda munthu ine ndili kuntchito. Pobwera madzulo, kuzizira ngati mufiriji, ndiye n'kumayatsa kahita kakang'ono ka pasoketi pa mtengo wodula uja. Bilu ya Januwale itabwera ndinakhala pansi kaye. Pano output imakhala yotseka pogona ndi pochoka, ndimaitsegula ndikafika. Thanki nayonso izitenthetsa madzi usiku, batani la boost, lotenthetsa madzi nthawi yomweyo ngakhale masana, muzilikhudza pokhapokha zavuta.

Maola otchipawo amasiyana malinga ndi dera ndi mita, nthawi zambiri amagwera pakati pa 11 koloko usiku ndi 8 koloko m'mawa. Funsani kampani yanu maola anu enieni, ndipo dziwani kuti mamita ena akale satsatira wotchi ikasintha mu Malichi, ndiye maolawo amasuntha.

Pitani pamita, dinani batani, ngati ndi mita ya mitengo iwiri muona manambala awiri, R1 ndi R2, wina wamasana wina wausiku. Musaganizire kuti wausiku ndi uti, onani amene akuyenda masana. Lembani onse awiri lero, mudzalembenso pakatha sabata, mudzaona nokha mbali imene ikudya ndalama. Ngati mita yanu ndi ija yakale yoyendera wailesi, ya RTS, anayamba kuzimitsa dongosolo lake mu 2025, pemphani smart meter.

Koma makina ochapira ndi dryer musamawasiye akuyenda inu muli mtulo, ozimitsa moto amaletsa. Ine ndimachapa 6 koloko m'mawa ndikumwa tiyi, mtengo ukadali wausiku.