Amuna anu amwanso, koma miyezi inayi ija sinapite pachabe

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo kufunsa ngati kuli koyenera kupitiriza kuyembekezera, popeza amuna awo, amene anasiya kachasu kwa miyezi inayi, anamwanso tsiku la malipiro. Mayi, funso lanuli landilasa mtima chifukwa inenso ndinali mwamuna wotereyo.

Ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, nthawi imene mowa wa m'masacheti unkapezeka pa okala iliyonse, boma lisanauletse mu 2015. Sacheti inkakwana m'thumba la malaya, ndipo munthu ankatha kuledzera ali pantchito popanda kapitawo kudziwa. Nditatsimikiza mtima kuti ndisiye, ndinkaganiza kuti pofika Lamlungu lotsatira ndikhala munthu watsopano, koma zimene ndinakumana nazo zinali zina. M'mawa kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri chifukwa cha kunjenjemera, usiku thukuta linkanyowetsa zofunda, tulo tinandithawa kwa milungu yambiri, ndipo ndinkakalipira ana pa zinthu zosayenera n'komwe kukalipa. Ngongole ya katapila inali pompo, ikuswana mwezi ndi mwezi. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti mayi a kunyumba anapitiriza kubisa ndalama ya feteleza kwa mchemwali wawo ngakhale ankaona kuti ndikubwera madzulo ndili bwinobwino. Iwo anali ndi chifukwa chomveka, pakuti munthu amene wanamizidwa kwa zaka zambiri sangayambe kukhulupirira chifukwa cha lonjezo la dzulo. Ndipo ndinagwadi, pamaliro a msuweni wanga, pamene anyamata a kumanda anandipatsa botolo.

Ine ndine wopemphera, ndipo mapemphero anandichirikiza. Komabe ndimakana ndi mtima wonse chizolowezi choimika munthu kutsogolo kwa mpingo patangotha milungu iwiri kuti achitire umboni woti wamasulidwa. Tsiku limene munthuyo adzagwe, manyazi amamuchititsa kuthawa anthu onse amene anamuombera m'manja, n'kukabisala komweko kotcheza kachasu, kumene sadzamufunsa kanthu. Timamusenzetsa katundu amene miyendo yake sinalimbe kuti inyamule, kenako n'kumati alibe chikhulupiriro. Zimenezi si chilungamo. Bungwe la ku America la National Institute on Drug Abuse limanena kuti mwa anthu 100 aliwonse amene akulandira thandizo losiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, 40 mpaka 60 amabwererako, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso. Wodwala BP ikakwera sitimuthamangitsa pakhomo, timamuperekeza kuchipatala. Miyezi inayi ija amuna anu anaphunzira kuti angathe kudutsa pamalo omwera osakhota, ndipo zimenezi sizinafufutike ndi usiku umodzi.

Zoti muchite

Lankhulani nawo m'mawa mowa utatha m'mutu, muwafunse chimene chinachitika tsiku limene lija, ankayenda ndi yani komanso ndalama zinali m'thumba liti. Mugwirizane kuti tsiku la malipiro muzikumana, kapena ndalama azizitumiza pa foni yanu pa Mpamba kapena Airtel Money asanafike pamsika. Ngati ayambiranso kumwa kwambiri tsiku lililonse, asasiye mwadzidzidzi ali okha kunyumba, chifukwa m'masiku atatu oyambirira munthu akhoza kukomoka ngati wakhunyu kapena kuona zinthu zimene palibe, ndipo ena amamwalira. Pitani nawo kuchipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, kumene angawatumize ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika kutero. A chipatala cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu nawonso amathandiza anthu ofuna kusiya mowa. Koma ngati akamwa amakumenyani inu kapena ana, kumeneko sikoyembekezera ayi, kauzeni ankhoswe ndi apolisi lero lomwe.