Airgun ndi akalulu ku UK: zololedwa ku York zitha kukumangitsani ku Scotland

Wina wanditumizira email sabata yathayi. Akuti amagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi York, akalulu akuwononga mbewu koopsa ndipo bwana wake wamuuza kuti akafuna aziwaombera. Ndiye akufunsa kuti, "ndingogula airgun basi kapena pakufunika laisensi? Komanso chaka chamawa ndikusamukira kwa alamu anga ku Scotland, ndingapite nayo?"

Achimwene, komwe muliko nkhani ndiyosavuta. Ku England ndi Wales airgun (mfuti yowombera ndi mphamvu ya mpweya) yaitali ija ngati mphamvu yake siyikuposa 12 ft-lb (muyeso wa mphamvu yomwe chipolopolo chimatuluka nayo) simufunika laisensi, bola mukhale ndi zaka 18 pogula. Ikaposa pamenepo ndiye yalowa gulu la mfuti zenizeni, mpaka satifiketi ya kupolisi. Ndipo akalulu kumeneko lamulo silikuwaikira kumbuyo ayi, Pests Act ya 1954 imachita kulamula mwini malo kuti aziwachepetsa, palibenso nyengo yoti musawasake.

Koma chilolezo cha bwanacho chisakhale chapakamwa. Akulembereni papepala, ndi malire a famuyo omwe. Kuno sikuli ngati kumudzi komwe tinkathamangitsa kalulu ndi agalu kudutsa minda ya anthu asanu osafunsa aliyense, kuno mukangolumpha mpanda kulowa kwa neba muli ndi airgun, ngakhale ilibe chipolopolo, ndi mlandu waukulu, ndipo ngakhale kachipolopolo kokha kakatuluka malire kukagwera kwa wina ndi mlandunso. Poyenda nayo muike m'chikwama chake, yopanda kanthu mkati.

Tsopano za ku Scotland zo. Musangoiponya mu buti ndi kuyamba ulendo! Kuyambira pa 31 December 2016 kumeneko airgun yomweyo imafuna Air Weapon Certificate yochokera ku Police Scotland, ndipo amafunsa chifukwa chomveka chomwe mukuifunira komanso komwe muzikaombera. Ineyo ndingaisiye kaye ku England mpaka pepalalo litatuluka. Ku Northern Ireland ndiye kolimba kuposa apa, ikangoposa 1 joule (mphamvu yochepa kwambiri, yosafika ngakhale 1 ft-lb) ndi firearm certificate basi.

Pali kanthu kena komwe ifeyo timasokonezeka nako chifukwa cha chiyankhulo chathu. Kwa ife kalulu ndi kalulu. Koma kuno alipo awiri, rabbit wamng'ono wokhala m'mauna uja, ndi hare wamkulu wa makutu ataliatali amene amagona pamtetete, ameneyu ndiye wofanana ndi wakutchire kwathu. Ku Scotland hare wabulauni saloledwa kuphedwa kuyambira 1 February mpaka 30 September, pamene wa m'mapiri uja amene amayera nthawi yozizira anamuteteza chaka chonse kuyambira March 2021. Ku England hare wabulauni alibe nyengo yoletsa imeneyo. Ndiye madzulo kukuda mwaona makutu akutuluka mu udzu, muyambe mwadziwa kuti ndi uti. Kunena zoona hare ndi wamkulu kwa airgun ya 12 ft-lb, mungomuvulaza, musiyeni.

Mbalame musaziphatikizepo mwachisawawa. Nkhunda zakutchire ndi akhwangwala zimayendera ma general licence, zilolezo za boma zomwe simuchita kupempha bola mutsatire zomwe zalembedwamo, England ake, Wales ake, Scotland ake, ndipo amasinthasintha, mu 2019 Natural England, bungwe la boma loona zachilengedwe ku England, inachotsa atatu mwadzidzidzi anthu anangoti kakasi. Muziwerenga a chaka chomwe mukufuna kuomberacho.

Pa kaomberedwe, musapitirire mamita 30, lozani pakati pa diso ndi khutu, ndipo yambani mwaphunzira pa pepala mpaka dzanja litakhazikika. Kulowa BASC, bungwe la alenje ku UK, kumathandizanso poti umembala wake uli ndi inshulansi, alimi ambiri amafunsa zimenezo. Mukapeza kalulu wotupa maso, wongokhala duu osathawa, ameneyo akudwala matenda a akalulu otchedwa myxomatosis, mupheni kuti asavutike koma mu poto ine sindimuika. Enawo ndi ndiwo zabwino kwambiri, tomato ndi anyezi, nsima ya ufa wogula ku shopu ya amwenye, mundiitane ndithu.